Kwadi yokana kulira m'mawa wa chisanu: yambirani ku batire ndi petulo

Achimwene, mwafunsa za kwadi (njinga yamoto ya matayala anayi) ya pafamu ya nkhosa pomwe mukugwira ntchito ku Scotland, Honda yakale ya kabuleta. Mwati kukazizira mpaka madigiri 6 kapena 8 pansi pa ziro, sitata imazungulira mwaulesi, ndipo ikalira imazimanso musanafike patali. Musathamangire kumasula injini. Pa zimene mwafotokozazi, kawirikawiri vuto limakhala batire kapena petulo wogonera, ndipo ziwiri zonsezi zimakonzedwa madzulo, osati m'mawa nkhosa zikulira njala.

Yambirani ku batire. Chisanu chimalifooketsa pa nthawi yomwe oyilo walimba ngati uchi ndipo injini ikufuna mphamvu zambiri kuti izungulire. Tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muyeze m'mawa musanakhudze kiyi. Batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.4 layamba kutsika, likafika 12.0 latsika kwambiri. Mukalitchaja n'kudzaza, yezaninso wina akudina sitata: likagwa pansi pa 10, batirelo lakalamba, kutchaja sikulidzutsa. Pogula lina onani nambala ya CCA, yosonyeza mphamvu ya batire yolizira injini pozizira, yomwe imayezedwa pa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo isachepere pa imene yalembedwa m'buku la kwadiyo. Mitu ya batire ikachita zoyerayera, imasuleni, muipale mpaka iwale, mumange zolimba. Kwadi ya pafamu imayenda timaulendo tatifupi, magetsi ali oyaka, kulizidwa ndi kuzimitsidwa pageti lililonse, choncho batire silipeza mpata wodzaza. Katchaja kosamalira batire, monga OptiMate kapena CTEK, kolumikizidwa usiku wonse m'shedi, kamathetsa theka la vuto lanu. Batire lotha moto limatha kuundana mkati; mukaona latupa m'mbali, musalitchaje, musalijampitse. Ngati mujampitsa kuchokera ku galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozima.

Tsopano petulo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Injini siyatsa petulo wamadzi, imayatsa nthunzi yake, ndipo kukazizira nthunziyo imachepa. Ndiye chifukwa chake petulo wogulitsidwa m'miyezi yozizira amapangidwa kuti asamavute kusanduka nthunzi kusiyana ndi wa m'chilimwe. Chigubu chomwe chinadzazidwa mu Ogasiti n'kuiwalika pakona, petulo wake ndi wachilimwe, komanso mbali yopepuka yomwe imayatsa injini yozizira inauluka kale. Gulani wochepa, woti atha pasanathe mwezi.

Kuyambira mu Seputembala 2021, petulo wamba kumeneko ndi E10, wosakaniza ndi ethanol mpaka magawo 10 pa 100. Ethanol amakoka chinyezi. Thanki ikamagona ili theka, mpweya wonyowa wa m'katimo umachita mame m'makoma usiku, timadontho timatsikira pansi, ndipo m'mawa mumapeza ayezi mu kapayipi kapena m'kabakuli ka pansi pa kabuleta. Ine ndikanati m'nyengo ino thirani E5, uja wa super, yemwe ali ndi ethanol wochepa. Ndi wodulirapo, koma kwadi simwa zambiri. Dzazani thanki madzulo aliwonse, kusiya kampata pang'ono pansi pa khosi. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu kotayira: tsekani kampopi ka petulo, ikani kabotolo koonekera mkati kunsi kwa kapayipi, masulani. Mukaona timibulu ta madzi titakhazikika pansi pa petuloyo, mwampeza wakuba. Kwadi ikakhala yoti iima milungu ingapo, thirani mankhwala osungira petulo mwa muyezo wolembedwa pa botolo, ilireko mphindi zisanu kuti afike mu kabuleta, kapena khuthulani kabakuliko kagone kouma. Petulo akaumira m'menemo amatseka kajeti kakang'ono kamene injini imadalira polira payokha, ndipo chizindikiro chake n'chakuti imalira pokhapokha choko, kotchinga mpweya kuti petulo achuluke poliza, chili chokoka.

Pothira, injini ikhale yozima. Pukutani sinowo ndi matope kuzungulira chivundikiro musanatsegule. Ku filing'i sitesheni chigubu chikhale pansi podzaza, osati pamwamba pa pikapu, chifukwa mpweya wozizira wouma umasonkhanitsa magetsi ang'onoang'ono aja othetheka, ndipo kamoto kamodzi n'kokwanira. Valani magulovu osalowa madzi. Petulo saundana, amazizira mofanana ndi kunja, ndiye akakutayikirani pa dzanja amauma msanga n'kuwotcha khungu ndi chisanu.

Kalizidwe kake nkotere. Musanakhudze kiyi, dinani kachitsulo ka moto ka chala chachikulu kawiri katatu, muone ngati kakubwerera kokha. Madzi akalowa mu kebulo n'kuundana, kwadi imatha kulira moto uli wotsegula, ndipo imeneyo ndi ngozi yeniyeni. Kakakakamira, musalize mpaka kasungunuke. Kenako giya pa nyutulo, buleki, switchi yofiira pa RUN, kampopi pa ON, magetsi ozima, choko chonse. Moto musaukhudze n'komwe: mukatsegula, mpweya umachuluka ndipo choko sichigwiranso ntchito yake. Dinani sitata masekondi asanu, pumani khumi kapena khumi ndi asanu, bwerezani. Kukakamira sitata nthawi yaitali kumangoitenthetsa ndi kukhetsa batire. Ngati yanuyo ili ndi chingwe chokoka, chikokeni pang'onopang'ono kawiri katatu kiyi ali wozima kuti oyilo amasuke, batire lipeze ntchito yopepukirapo. Ikalira, dikirani mpaka iyambe kukwera mawu, bwezani choko pakati, patapita mphindi imodzi kapena ziwiri chibwezeni chonse. Choko chokhalitsa chimadetsa pulagi ndi mwaye.

Mukayesa kanayi osalira ndipo mukumva fungo la petulo, pulagi yanyowa. Bwezani choko, tsegulani moto wonse, zungulitsani masekondi asanu. Zikakanika, masulani pulagi, muipukute iume kapena ikani yatsopano. Pulagi yapadera ndi sipanala yake zizikhala m'bokosi la kwadi nthawi zonse. Sipuleyi uja wa ether wolizira injini musiyeni, amaphulika mwaukali ndipo amatsuka oyilo m'makoma a silinda. Kwa ena amene ali ndi kwadi za injekishoni, choko palibe: tembenuzani kiyi, mverani pampu ikung'ung'udza masekondi awiri atatu mpaka isiye, ndiyeno lizani osakhudza moto.

Za kuzima itayenda kale pang'ono, onani zinthu ziwiri. Pa chivundikiro cha thanki pali kapayipi kopumira. Kakatsekeka ndi ayezi, petulo amaleka kutsika. Ikazima, tsegulani chivundikiro: mukamva kuti fyuu, kenako n'kulira bwinobwino, vuto ndi limenelo. China ndi ayezi wa pakhosi pa kabuleta, yemwe amakonda masiku a nkhungu ndi chinyezi, ngakhale kunja kuli madigiri angapo pamwamba pa ziro, nyengo yomwe ku Scotland sisowa. Injini imayamba kutsamwa mukachepetsa moto. Izimitseni, idikireni mphindi zochepa, kutentha kwa injini kumasungunula ayeziyo yokha.

Oyilo tsatirani tchati ya m'buku. Woyamba ndi 5W kapena 0W amayenda msanga pozizira kuposa 10W-40, ngati buku likuloleza. Koma akhale wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA, chifukwa kilatchi ya Honda imasambira mu oyilo yemweyo, ndipo wa galimoto amaiteretsa. Mukaona oyilo wayera ngati tiyi wamkaka, ndi chinyezi cha timaulendo tatifupi tija: sinthani, ndipo kamodzi pa sabata muziiyendetsa mphindi 20 kapena 30 itenthe mokwanira.

Potenthetsa injini zitseko za shedi zikhale zotsegula, kapena ikankhireni panja. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha womwe sununkha. Madzulo mukabwera kuchokera m'matope, musaigoneke itamangidwa buleki ya pamanja, chifukwa mabuleki onyowa amaundana n'kugwirana. Isiyeni m'giya pamalo athyathyathya, muike mwala kapena chipika ku tayala. M'mawa igwedezeni kaye ndi manja kutsogolo ndi kumbuyo, muone kuti matayala sanamatirire pansi, ndiye munyamuke ndi giya yotsika.