Kodi Hilux yakale ingasenze kanyumba kogonamo? Yankho kwa bambo a ku Chibavi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Ali ndi Toyota Hilux ya dizilo ya zitseko ziwiri, ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo akufuna kugula kanyumba kogonamo kamene amakalowetsa m'bodi ya pikapu n'kumakatsitsa ulendo ukatha, kuti iwo ndi mayi akunyumba azikagona ku Nyika, ku Vwaza ndi kunyanja. Makaniko wawo wawauza kuti akangowonjezera masipuling'i awiri kumbuyo, galimotoyo isenza bwinobwino. Akufunsa ngati zimenezi n'zokwanira.

Bambo, zikomo chifukwa cholemba musanagule. Masipuling'i okha si okwanira, ndipo si poyambira. Yambirani pa sikelo.

Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera amene anaikidwa ndi oipanga, ndipo nambalayo, imene imalembedwa kuti GVM, mudzaipeza pa kachitsulo kokhomedwa pa galimotoyo kapena m'buku lake. Dzazani thanki, pitani pa sikelo yoyezera magalimoto, muyeze galimoto yonse, kenako muyezenso matayala akumbuyo okha. Mukachotsera kulemera kumene mwapeza pa GVM, chotsalacho ndiye katundu yense amene muli ndi ufulu wonyamula, kuphatikizapo inuyo ndi mayi. Anthu amakonda kunena kuti Hilux imanyamula tani imodzi, koma galimoto imene yayenda zaka pafupifupi 30 nthawi zambiri inawotchereredwa zitsulo zakutsogolo, mabampa olemera ndi zina zotero, ndipo zonsezi zimadya pa tani imeneyo.

Tiyerekeze kuti mwatsala ndi makilogalamu 900. Anthu awiri atenga 150. Madzi malita 80 ndi makilogalamu 80, popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Onjezani silinda ya gasi, batire yachiwiri, zigubu ziwiri za dizilo, tayala lachiwiri lapadera, jeke, masipanala, ufa, mapoto ndi mabulangeti ochuluka, chifukwa ku Chelinda, m'mapiri a Nyika, pamtunda wopitirira mamita 2,000, usiku wa mu June kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu. Musanazindikire mwadutsa 400. Ndiye kuti kanyumba kamene kakuyenerani ndi kosapitirira makilogalamu 500, ndipo musakhutire ndi nambala imene wogulitsa angakuuzeni pakamwa, kakwezeni, mukayezenso.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi makaniko wanu, ngakhale ndikudziwa kuti akukufunirani zabwino. Masipuling'i owonjezera amadzutsa kumbuyo kwa galimoto kuti isaoneke yogwada, koma sawonjezera mphamvu ya ekiselo, ya mabering'i, ya chasisi ngakhale ya mabuleki. Amabisa chizindikiro chokhacho chimene chikanakuchenjezani kuti mwalemetsa. Palinso chinthu china chimene ambiri amachiiwala: ma Hilux a nthawi imeneyo ali ndi valavu pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, imene imawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo molingana ndi mmene galimoto yatsikira ndi katundu. Mukakweza kumbuyo osaikonzanso valavuyo, imakhala ngati galimoto ilibe katundu, ndipo ntchito yaikulu yoimitsa imatsalira matayala akutsogolo. Ngati masipuling'i anu atopa kapena kuthyoka, asintheni ndithu, pamodzi ndi mashoku ndi mabushi, koma valavuyo ikonzedwenso tsiku lomwelo kuti igwirizane ndi msinkhu watsopano wa galimoto.

Ndikutsindika za mabuleki chifukwa ife a ku Mzuzu tilibe njira yopitira kunyanja yopanda chitsetse. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500, kotero kaya mulowere ku Nkhata Bay kapena mutsike Chiweta kupita ku Chitimba ndi Karonga, galimotoyo idzakhala ikukankhidwa ndi katundu wake kwa nthawi yaitali. Ine ndinaonapo mabuleki akufewa pa Chiweta nditanyamula matumba a simenti, phazi likupita pansi galimoto osamvera, ndipo fungo la mapadi opsa sindidzaliiwala. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akakhalitsa ndipo amawira msanga akatentha, choncho atayeni onse muthire atsopano, muonenso mapaipi ake a labala. Potsika gwiritsani giya yachiwiri kuti injini izithandiza kugwira.

Matayala ali ndi nambala yawoyawo. Pambali pa tayala la 195R14C, mwachitsanzo, pamalembedwa 106/104, ndipo 106 akutanthauza makilogalamu 950 pa tayala limodzi likapopedwa mokwanira. Kulemera kwa kumbuyo kumene mudzayeze kanyumba katakwera kusapitirire mphamvu ya matayala awiriwo, kapena malire a ekiselo ngati ali otsikirapo. Onaninso manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT pambali pa tayala, amene amanena sabata ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa, chifukwa matayala a kaunjika ambiri amakhala ndi mapanga abwino koma labala wake ndi wokalamba.

Tsopano za kakhalidwe ka kanyumbako m'bodi. Pakati pa kulemera kwake pakhale kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo, kufupi ndi kabu, chifukwa pakakhala kumbuyo matayala akutsogolo amapepuka ndipo chiwongolero chimayamba kuyandama. Thanki ya madzi ndi batire zikhale pansi komanso kutsogolo. Yalani mphasa ya labala pansi kuti kasamatsetsereke, ndipo mukamange m'makona onse anayi pa zitsulo zogwira ku chasisi ndi mabawuti, osati pa tingowe ta m'mbali mwa bodi timene timamangirapo zingwe za lona. Musanamange chilichonse, gonani pansi ndi tochi ndi kanyundo, mugogode chasisi kuyambira kuseri kwa kabu mpaka pamene masipuling'i agwira. Mvula ya kuno ndi matope okakamira zimadyetsa dzimbiri mkati mwa chitsulo kunja kukuoneka bwino. Mukapeza mng'alu kapena chitsulo chofumbutuka pamenepo, nkhani ya kanyumba iyambe yaima. Msewu wafumbi wopita ku Nyika wochokera ku Rumphi kudzera ku Thazima umagwedeza galimoto maola angapo osalekeza, ndipo chofooka chilichonse chimaonekera kumeneko, kutali ndi galaji.

Injini ya malita 2.8 yopanda tebo imapirira, koma idzakwera mapiri pang'onopang'ono ndipo idzatentha kuposa kale. Tsukitsani rediyeta, sinthani mapaipi ake, ndipo ngati simukudziwa tsiku limene lamba wa taiming'i anasinthidwa, musintheni. Pa injini zimenezi amasinthidwa pa makilomita 100,000. Batire ya kanyumba ikhale ndi fyuzi yake ndi rileyi yoilekanitsa ndi ya injini, kuti firiji isakuphereni galimoto usiku.

Zonse zikatha, musayambire ku Nyika. Pakirani monga mukupita ulendo weniweni, yezaninso pa sikelo, kenako mulowere ku Chikangawa n'kubwerera, mukumvetsera mmene galimoto ikupendekekera pa makona, popeza kanyumba kamakweza katundu m'mwamba ndipo mphepo yam'mbali imakakankha. Mukafika kunyumba, mangitsaninso mabawuti onse, ndipo mundilembere manambala a pa sikelo kuti tiwawerengere limodzi.