Munda unapsa, nanga inshuwalansi ya FISP ili kuti?

Amayi ena a ku Chadiza anditumizira funso pa imelo. Akuti amalipira K400 ya FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi mbeu ndi feteleza, ku kopaletivu, ndipo anauzidwa kuti mbali ya ndalamayo ndi ya inshuwalansi. Mu 2024 chimanga chawo chinauma chitangoyamba ngayaye, koma iwo sanaonepo chipepeso. Akufunsa ngati anawabera.

Amayi, inshuwalansi imeneyi siyang'ana munda wanu. Palibe mlangizi amene adzabwere kudzawerenga mapesi. Imayendera mmene zinthu zakhalira m'dera lonse, monga mvula imene makina a m'mlengalenga ayeza. Mvula ikachepa kudutsa malire amene anaika, alimi a dera limenelo amalipidwa. Ndiye zimatheka kuti tsidya la mtsinje inagwa, kwanu ng'amba inakhala milungu, koma pa kompyuta dera lonse likuoneka lonyowa. Ndipo ngakhale alipire, ndalamayo imatengera mtengo wa mbeu ndi feteleza, osati matumba amene mukanakolola. Pitani kwa a camp officer, alangizi a zaulimi a dera lanu, ndi NRC yanu, mufunse ngati kampu yanu inali pa mndandanda. Onaninso nambala ya foni imene inalembedwa, chifukwa ambiri amalembetsa ya mwana kapena ya wapampando.

Chaka chimenecho chinali choipa zedi. Pa 29 February 2024 Pulezidenti wa Zambia a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Dziko linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni a chimanga, pamene chaka cham'mbuyo linapitirira 3 miliyoni.

Koma chimene chimandipweteka ine ndi china. Mlimi amagwa kawiri: mvula ikakana, ndiponso ikagwa bwino. Inshuwalansi imaona koyamba kokha. Kumbukirani soya wa 2023. Aliyense analima ataona mtengo wa zaka zam'mbuyo, msika unadzaza, mtengo n'kugwa chagada. Ndani analipidwa pamenepo?

Pa chimanga pali FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, imene inagula thumba la 50 kg pa K280 mu 2023 ndi K330 mu 2024. Mtengo umenewu umathandiza, koma depoti imafuna chimanga chouma, cha chinyezi chosapitirira 12.5 peresenti, ndipo ndalama sizibwera tsiku lomwelo. Mwezi wa May mwana akufuna za kusukulu, wa sikelo wakhala kale pansi pa mtengo wa mango pamsewu, ndalama zili m'manja. Mugulitsa basi. Boma likatsekanso malire a Mwami kuti chimanga chisatuluke, ogula amachepa, mtengo umatsikiratu.

Ine ndikanakhala inu, sindikanaika feteleza yense ndi mphamvu zonse pa mbeu imodzi. Siyani malo a nshawa ndi mpendadzuwa, zimene zimapirira kuposa chimanga ndipo sizidya feteleza wambiri. Matumba angapo thirani mankhwala a anankafumbwe, muwasunge mpaka December kapena January pamene mtengo umakwera. Ngati dambo lili pafupi, dimba la repu ndi tomato lidzakupatsani ya sopo ndi mchere, kuti musatsegule nkhokwe mwezi wa June.