Galimoto ikhale pa tala, njinga ndiyo ifike kunyanja

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi Hiace imene munachotsamo mipando n'kuikamo bedi, muli ndi njinga ziwiri za mountain bike, ndipo inu ndi mayi akunyumba mukufuna kutenga masabata awiri mu February kuti muone Chilwa, Chiuta ndi Malombe, kenako mukwere ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka mukafike ku Kazuni, nyanja yaing'ono ya kumpoto chakumadera a Rumphi. Anzathu ambiri muno akuti dikirani chilimwe. Ine ndikuti pitani, koma ulendowo muukonze mwina. Nyanja zimenezi ndaziyendera m'dzinja komanso m'chilimwe, ndipo amene anaona Chilwa mu October yekha, fumbi lili koboo, madzi atathawira kutali, sanaione nyanjayo.

Chachikulu chimene ndikufuna mumve ndi ichi: Hiace yanuyo ikhale nyumba, isakhale ngalawa. Muziiimika pamalo ouma pafupi ndi tala, ndipo makilomita otsalawo muzimaliza pa njinga. Hiace imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo mukachotsa mipando kumbuyoko kumapepuka. Pamatope imangovina, matayala n'kumazungulira pamodzimodzi uku ikudzikumbira dzenje.

Ndiyambe ndi Chilwa, chifukwa ndi kumene kuli zambiri. Kuchoka mu Zomba kukafika padoko la Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo mukamayandikira kunyanja mumalowa m'chigwa cha dothi lakuda la makande. Phunzirani kusiyanitsa dothi ndi maso musanaliponde. Katondo wofiira uja amaterera mvula ikangogwa kumene, koma dzuwa likawala maola awiri amauma n'kuyendeka. Mchenga wonyowa ndiye bwenzi la njinga, umalimba bwino kuposa wouma. Makande ndi nkhani ina. Akanyowa amamata ngati phala la ufa wa chinangwa, ndipo sauma tsiku limodzi.

Ndinaziona ndekha chaka china mu February. Mvula inagwa usiku, m'mawa kunja kunayera, ine n'kunyamuka ndi njinga kulowera kunyanja. Nditafika pakati pa minda ya mpunga, tayala lakutsogolo linayamba kutola dothi. Poyamba linkangolemera. Nditapalasa pang'ono dothi linadzaza pakati pa tayala ndi foloko, gudumu n'kuima nji. Lakumbuyo nalonso linamata mpaka tcheni chosaonekanso. Ndinathyola kamtengo n'kuyamba kukolokosa, ndikayenda mamita makumi awiri ndaimanso. Anandipeza bambo wina wa kabaza atasenza njinga yake paphewa, nsapato zili m'manja. Anandiuza kuti, "Pano sitipalasa bambo, timanyamula. Tsatani m'mbalimu muli udzu." Ndinayenda pambuyo pake pafupifupi kilomita imodzi mpaka tinafika pamchenga. Kuyambira tsiku limenelo sindinyamuka ndisanafunse a kabaza pa siteji kuti njira ili bwanji lero. Iwo amadziwa mlatho umene wakokoloka usiku wathawu, amadziwa njira yachidule yodutsa pamtunda, ndipo mukalemba mmodzi kuti akutsogolereni tsiku lonse ndalama yake siipweteka.

Pa njingazo chitani izi musananyamuke. Ngati zili ndi madigadi oyandikana ndi tayala, achotseni, chifukwa ndi amene amayamba kugwira matope. Phwetsani matayala pang'ono kuti azigwira pansi. Tengani mafuta a tcheni ndi kaburashi kakale, ndipo madzulo aliwonse tcheni chitsukidwe n'kudzozedwa, apo ayi m'mawa mudzapeza chachita dzimbiri. Mchenga wonyowa umadya mabuleki mofulumira modabwitsa, choncho ngati njinga zanu ndi za ma disc, tengani ma pad apadera kuchokera mumzinda. Chimodzimodzi machubu. Amakaniko a pansi pa mtengo m'matauni ang'onoang'ono ndi aluso ndithu, amamata chubu ndi kuwongola masipoko bwino lomwe, koma katundu amene amasunga ndi wa njinga za kabaza. Ngati matayala anu ndi aakulu a mainchesi 29, chubu chake musayembekeze kuchipeza ku Kachulu.

Nanga mukafika mukaona chiyani? Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo madziwo amangochoka ndi dzuwa. N'chifukwa chake ndi yosaya, madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo imaphwa zaka za chilala, monga mu 1968, 1995 ndi 2018. M'dzinja ndiye imabwerera m'malo mwake. Madambo amadzaza, mpunga umabiriwira mpaka kumene maso alekeza, ndipo phiri la Zomba kumbuyo kwanu ndi la Mulanje chakum'mwera zimaoneka ngati mungazikhudze, chifukwa mvula imakhala itatsuka utsi ndi fumbi lonse. Ndi nthawi yomweyinso imene mbalame zam'madzi zochokera kutali kumpoto kwa dziko lapansi zimakhala zilipo, ndipo mbalame zimenezi n'zimene zinachititsa kuti Chilwa ikhale dambo loyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar, la mayiko loteteza madambo. Mudzaona asodzi akupalasa mabwato ndi nsungwi zazitali m'tinjira ta pakati pa njedza, ena akuchokera ku zimbowera, tinyumba toyandama timene amagonamo masabata angapo osaponda kumtunda. Padoko mudzapeza matemba, makumba ndi milamba, ngakhale kuti miyezi ina ya dzinja boma limaletsa makoka kuti nsomba ziswane, ndiye musadabwe nsomba zikachepa.

Ku chilumba cha Chisi amapita pa boti kuchokera pa Kachulu pomwepo. Pitani m'mawa ndipo mubwereko dzuwa lisanapendeke. Nyanja yosaya imachita mafunde afupiafupi oipa mphepo ikauka, ndipo m'dzinja mitambo imakonda kusonkhana masana. Mukaona boti ladzaza mopitirira, dikirani lina. Lamulo la m'mawali likhale la ulendo wonse: nyamukani 5 koloko kukangoyera, ikamakwana 1 koloko mukhale mutabwerera ku galimoto. Mukamva bingu muli pachigwa chopanda mitengo, tsikani pa njinga, muisiye patali, mukabisale m'nyumba. Osati pansi pa mtengo. Chaka chilichonse timamva za anthu ophedwa ndi mphenzi, ndipo pachigwa cha Chilwa munthu ali pa njinga ndiye chinthu chachitali kuposa zonse.

Chiuta ichotseni pa ulendo uno. Ndikunena izi ndi chisoni, chifukwa ndi nyanja yabata ndi yokongola, ili m'malire ndi Mozambique ku Machinga, ndipo madzi ake amatsikira ku Amaramba n'kukakhala mtsinje wa Lugenda. Koma mukasiya tala chakumadera a Ntaja mtunda wotsala ndi wautali, wodutsa m'madambo, woti simungapite ndi kubwera pa njinga m'mawa umodzi. Mukakakamiza Hiace n'kutitimira kumeneko, thirakitala yokukokani mudzaidikira nthawi yaitali. Isungireni June kapena July.

Malombe ndi yosavuta. Mukachoka ku Liwonde kulowera ku Mangochi pa M3, mukadutsa Ulongwe nyanjayi imakhala kudzanja lamanja, ndipo tinjira topita m'midzi ya asodzi n'tatifupi. Mtsinje wa Shire umalowa kumpoto kwake n'kutulukira kum'mwera, chakumene kuli Liwonde National Park. Ng'ona ndi mvuu zilimo zambiri, ndipo madzi akasefukira zimafika m'malo amene m'chilimwe ana amaseweramo mpira. Musatsukire njinga m'mphepete mwa madzi, makamaka madzulo. Tungani mu ndowa mukatsukire kumtunda. Tsiku limodzi kapena awiri akukwanirani kumeneko.

Tsopano za kugona m'galimoto, zimene ambiri saziganizira mpaka usiku woyamba. Anthu awiri mukagona mutatseka mawindo onse, pofika pakati pa usiku denga limayamba kudontha thukuta la mpweya wanu, zofunda n'kuzizira ndi chinyontho. Siyani mpata m'mawindo awiri oyang'anizana, mumatepo neti, ndipo mkatimo mupachikenso neti ina yogonamo, chifukwa udzudzu wa m'mbali mwa nyanja mu February si wamasewera. Zovala zonyowa ndi nsapato zikhale mu beseni pakhomo, zisafike pa bedi. Tengani lona woti muzimanga m'mbali mwa galimoto kuti mupeze pophikira. Chonde, mbaula isalowe m'galimoto ngakhale mvula italimba bwanji, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Utsi wake suoneka ndipo umapha anthu ali m'tulo. Ngati mumadalira sola, dziwani kuti masiku a mvula ya mvumbi batire silidzaza, ndiye mafoni muzitchaja injini ikamayenda.

Poimika sankhani pamtunda, galimoto iyang'ane kumene mudzatulukire, ndipo isakhale pansi pa mtengo waukulu kapena pafupi ndi khwawa louma. Mvula ikhoza kugwa kuphiri inu osaiona, madzi n'kukupezani usiku. Linthumbu nalo limayenda kwambiri nyengo ino ndipo limakwera ndi matayala. Kuwaza phulusa mozungulira tayala lililonse kumathandiza. Kumene kuli malo ogona alendo olola kuimika galimoto, lipirani mugone mumpanda. Kumene kulibe, pitani kwa amfumu kusanade, mudzifotokoze, ndipo iwo akuonetsani poima, kawirikawiri pafupi ndi sukulu kapena tchalitchi. Kumbukirani kuti February ndi mwezi wa njala m'midzi yambiri, nkhokwe zili mbee, chimanga chisanache. Anthu akakukankhani pamatope apatseni kangachepe mosanyinyirika, mugule bowa, maungu ndi nkhuku kwa iwo, ndipo musapondetse galimoto kapena njinga m'munda mwa munthu pothawa chithaphwi. Mizere imene mungaphwanye pamenepo ndi nsima ya banja.

M'galimotomo musasowe khasu, fosholo, chingwe chokokera cholimba, jeke ndi thabwa loikapo jekeyo, matabwa ena awiri oyala pansi pa matayala, ndi chigubu cha mafuta apadera. Thanki ikafika theka thirani pomwe mwapeza mafuta, musadikire tauni yotsatira. Ndalama zina zikhale m'thumba, chifukwa netiweki ikathawa Airtel Money ndi Mpamba sizikuthandizani.

Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard, ngakhale a pa mjigo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Tengani mapaketi a Thanzi ORS. Ku Chilwa ndi ku Malombe musasambe m'nyanja, likodzo ndi lambiri m'madzi odekha okhala ndi udzu. Popeza simudzalephera kuponda m'madzi penapake, mukabwerako mukayezetse pakatha miyezi ingapo. Wina akamva kutentha thupi, ulendo uime kaye mukayezetse malungo tsiku lomwelo.

Za kumpoto, M5, wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi uja, ndi msewu wokongola koma ndi umenenso mitsinje yochokera kumapiri imaudula kawirikawiri. Mu 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, anthu masauzande n'kusowa pokhala, ndipo msewu unaduka. Chaka chomwecho nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo a m'mphepete, choncho muziimba kaye foni kufunsa ngati malo oimika galimoto alipobe. Mukapeza madzi akudutsa pamwamba pa mlatho, imani. Musatengere kuti lole yawoloka. Hiace ndi yaifupi, injini ikamwa madzi ulendo wathera pomwepo, ndipo simudziwa ngati pansipo mlatho udakalipo. Madzi a mitsinje yotere amatsika pakapita maola ochepa mvula ikasiya, ndipo inu bedi muli nalo kale. Muzimveranso zimene a nthambi yoona za nyengo akulengeza pa wailesi. Akangotchula namondwe wochokera ku Mozambique, chokani kuchigwa cha Chilwa tsiku lomwelo. Tonse tikukumbuka zimene Freddy anachita ku Phalombe ndi ku Mulanje mu March 2023.

Panjirayo imani pa Chia, kum'mwera kwa Nkhotakota, pamene msewu umadutsa pakamwa pa thamandalo. Ndi malo abwino kupalasa m'mawa chifukwa nthaka yambiri ndi yamchenga. Ku Nkhata Bay mvula ndi yochuluka kuposa madera ambiri ndipo imachedwa kusiya, ndiye zovala zanu zikhale zitauma musanafikeko.

Kazuni ili mkati mwa Vwaza Marsh Wildlife Reserve, ndipo kumeneko njinga zikhale pa denga, chifukwa kuli njovu, njati ndi mvuu. Msewu wake wochokera ku Rumphi umavuta mvula ikagwa motsatizana, ndiye funsani pa boma musanalowere. Dziwaninso kuti m'dzinja nyama zimabalalika m'tchire popeza madzi ali paliponse, simudzaziona zitaunjikana panyanja ngati mu September. Kuli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, ndipo imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zotuwira za manja aatali.

Ndikanakhala ine, masiku asanu ndikanawapereka ku Zomba ndi Chilwa, awiri ku Malombe, anayi ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay, ndipo atatu otsalawo osawalembera kalikonse, chifukwa mvula idzawatenga ndithu. Kazuni ndikanapita pokhapokha masiku atatuwo atatsala. Mukafika pa Kachulu mutilembere muno kuti madzi afika pati chaka chino, ndikufunitsitsa kudziwa ngati maboti akunyamukira padoko penipeni.