Nyumba za renti yotsika ngati za ku America zilipo kuno ku Joni?

Zikomo Azakhali. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton koma ndimagona ku Rosettenville, chipinda chimodzi ndi ana awiri. Mlamu wanga ali m'katauni kena ku America, akuti amakhala m'nyumba yomangidwa ndi ndalama za misonkho ndipo renti yake ndi yochepa. Kunonso zilipo?
Mayi wa ku Rosettenville

Mwanawe, zimene akunena mlamu wakozo ndi zoona. Dongosolo lina lotere la ku America linayamba mu 1986. Boma silimanga lokha ayi. Limalonjeza womanga kuti amuchotsera msonkho kwa zaka 10, iye nkugulitsa lonjezolo kwa mabanki kuti apeze ndalama za njerwa ndi simenti. Pobweza, renti imaikidwa malire, kawirikawiri kwa zaka 30, ndipo nyumba zambiri zimapita kwa mabanja opeza zosapitirira 60 peresenti ya zomwe banja lapakati m'deralo limapeza. M'matauni ang'onoang'ono achinyamata akuthawira kumizinda, n'chifukwa chake zina amazimangira okalamba okhaokha. Ngati kwathu kuja, kumudzi kotsala agogo.

Kuno njira ndi ina. Lamulo la 2008 linakhazikitsa SHRA, bungwe la boma loyang'anira nyumba za renti yotsika, ndipo mzinda wa Johannesburg uli ndi kampani yake, JOSHCO, yobwereketsa nyumba motchipa. Pamene pavuta ndi pa mapepala: amafuna nzika ya dziko lino kapena wokhala ndi chilolezo chokhala kuno mokhazikika. Pasipoti yokha sikwanira.

Ndiye wina akakuuza kuti umupatse kangachepe akulowetse pamndandanda, ndalama yakoyo ukagulire ana yunifolomu.