Yankho kwa azakhali pa za okalamba a ku China

Azakhali mwaswera bwanji? Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kutalika. Mwafunsa ngati n'zoona zomwe mwamvazo, zoti ku China akamufunsa wokalamba kuti thanzi lake akuliona bwanji, yankho lake limasonyeza ngati akhalitse kapena ayi. Ndiye mwati kodi si kudziitanira imfa ndi pakamwa kumeneko? Ayi azakhali, si malodza. Koma nkhaniyo ndi yoona.

Kumeneko kuli kafukufuku wamkulu, amamutchula kuti CLHLS, anayamba mu 1998. Anamutsogolera pulofesa Zeng Yi wa ku Peking University, mogwirizana ndi Duke University ya ku America. Anayendera zigawo 22 za dzikolo kusaka nkhalamba zenizeni, za zaka 80, 90, ena opitirira 100. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu amabwereranso, kukaona ndani alipo, ndani anatisiya. Akapeza kuti munthu anamwalira, amacheza ndi abale ake. Paja kalembera wa ku China wa 2020 anapeza anthu 264 miliyoni a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndiye kwa iwo nkhani ya okalamba si yamasewera.

Funso lake ndi lalifupi: panopa thanzi lanu mukuliona bwanji? Munthu amasankha, labwino kwambiri, labwino, lapakatikati, loipa, kapena loipa kwambiri. Basi. Ndiye amene ankati loipa ankamwalira msanga kuposa amene ankati labwino, ngakhale atawafananitsa ndi anzawo a msinkhu umodzi, matenda ofanana, onse otha kusamba ndi kuvala okha.

Pali chinanso chimene ine chimandisangalatsa. Wofunsa uja nayenso amalemba mmene wamuonera gogoyo, kaya akuoneka wamphamvu, kaya wodwalika. Kuona kwa mlendo kumeneko nakonso kunkalosera imfa, penanso kuposa yankho la mwini wake.

Nanga zimatheka bwanji? Eee, thupi ndi la mwini wake, azakhali. Iye ndi amene akudziwa kuti chakudya sichikukoma ngati kale, kuti kachitunda kakang'ono akuyamba kupuma befu, kuti usiku tulo sitikubwera, kuti miyendo yayamba kulemera. Makina a BP sangakuuzeni zimenezo. Kusungulumwa ndi nkhawa nazonso zimalowa mu yankho lomwelo. Ndiye mawuwo sakupha munthu ayi, akungoulula zimene zayamba kale m'thupi. Si ku China kokha, ku Manitoba, ku Canada, anaziona kale mu 1982, ndipo mu 1997 akatswiri awiri, Idler ndi Benyamini, atasonkhanitsa kafukufuku 27 anapeza kuti pafupifupi onse akunena zomwezo.

Koma musazitenge ngati ulosi wa munthu mmodzi. Izi zimaoneka ukawerenga anthu masauzande. Alipo odandaula tsiku ndi tsiku amene amaika m'manda anzawo onse, inu mukuwadziwa, sinditchula dzina pagulu pano. Komanso kwa okalamba kwambiri yankholo limachepa mphamvu. Wa zaka 95 amadziyerekeza ndi anzake amene anapita kalekale, ndiye amati ndili bwino, pomwe akulephera kudzuka pamphasa.

Tsono za agogo mwanena zija, kuti masiku ano akumangoti thupi silili bwino koma osatchula pamene pakupweteka. Ine sindingazitaye zimenezo. Mukapita Lamlungu musalekere pa moni, chifukwa pa moni angoti ndadzuka. Muwafunse ngati nsima akumaimaliza, ngati kutchalitchi akumafika osapumira panjira, ndiponso kuti chaka chatha ndi chino akusiyanitsa bwanji. Inunso muwayang'ane bwino mayendedwe. Zikakhala kuti zasinthadi, tiwatengere kuchipatala sabata yamawa akawayeze magazi, shuga ndi BP. Ya thiransipoti nditumiza Lachisanu. Amalume, ngati mukumvera, galimoto ija ilipo?