Musanaitanitse miter saw, yambani mwayeza thabwa lanu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa kalipentala wina wa ku Mchesi ku Lilongwe. Akuti mkulu wawo ali ku Johannesburg ndipo walonjeza kuwagulira miter saw, koma sakudziwa kuti amuuze agule yotani. Ntchito yawo yambiri ndi mafelemu a zitseko, mabedi ndi mashelefu.

Achimwene, makina amenewa ntchito yake ndi kudula thabwa mopingasa basi, kaya mowongoka kaya mopendekera, monga pa madigiri 45. Sang'amba thabwa m'litali. Ngati chokutopetsani ndi kung'amba matabwa a paini a ku Chikangawa, ndalamazo zipite ku table saw, makina okhala ngati tebulo omwe mpeni wake umatulukira pamwamba.

Ngati nkhani ndi kudula, tengani tepi muyeze m'lifupi mwa matabwa omwe mumagwira tsiku ndi tsiku. Makina wamba a mpeni wa mamilimita 254, omwe amangotsika ndi kukwera, amalekezera pa thabwa la mamilimita pafupifupi 130. Mafelemu ndi miyendo ya bedi zitheka. Koma poti mwatchula mashelefu, inu mukufuna a sliding, omwe mutu wake umayenda pa timipaipi tiwiri n'kudula mpaka mamilimita pafupifupi 300. Ndi okwera mtengo, olemera, ndipo ambiri amafuna malo kumbuyo kwake, choncho ganizirani kukula kwa shedi yanu. A mpeni wa mamilimita 305 ine sindingakulimbikitseni: mpeni ukatha mudzaulira mtengo, pomwe simudula mitanda ya denga.

Chachikulu kwa ine ndi choti makina azidula zoona. Mkulu wanuyo akafika m'sitolo atsitse mutu wa makina n'kuugwedeza cham'mbali. Ukamasewera, asiye. Akafika kuno, musakhulupirire manambala olembedwa pa makinawo. Dulani tizidutswa tinayi pa madigiri 45, mutilumikize ngati felemu ya chithunzi. Pakona pakatsala mpata, masulani mabawuti muwongole ndi sikweya yanu. Ndinaonapo mnzanga akuwononga mlombwa wodula chifukwa chothamangira kuyamba ntchito tsiku lomwelo.

Za magetsi, a ku South Africa ndi a 230 volts ngati athu, mungosintha pulagi. Chenjerani ndi makina ogwirako ntchito ochokera ku Britain okhala ndi pulagi yachikasu, amenewo ndi a 110 volts ndipo amafuna thiransifoma. A ku America ndi a 120. Kumbukiraninso kuti makina a 1,500 watts amakoka magetsi ambiri kuposa pamenepo akamayamba kuzungulira, ndiye kajenereta kowonerera mpira sikangakwanitse.

Makita, Bosch ndi DeWalt ndi mayina odalirika, ndipo Ingco ndi Ryobi zimakomera thumba. Mtundu uliwonse umene asankhe, agulire limodzi ma carbon brush apadera (timakala ta m'mota tomwe timatha ndi ntchito) ndi mpeni wachiwiri wa mano 60 kapena 80, chifukwa wobwera ndi makina nthawi zambiri umakhala wa mano ochepa ndipo umanyotsola m'mbali mwa mbawa. Aonenso bowo la pakati pa mpeniwo: ena ndi a mamilimita 30, ena 25.4.

Chotchingira mpeni chija, chonde musachichotse ngakhale anzanu pamsika anene kuti chimachedwetsa ntchito.