Kodi ku Joni n'kufupi chonchi pandege?

Funso: Mwana wanga amene ali ku Joni wanditumizira tikiti ya ndege kuti ndikaone mdzukulu. Akuti ndikanyamuka ku Chileka m'mawa, nkhomaliro ndikadyera kunyumba kwake. Ine ndinapitako pabasi, tinagona m'njira mpaka miyendo kutupa. Kodi pandege mtunda wake ndi wotani? Kapena akungondilimbitsa mtima? Ndine mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Mayi, mwanayo sakukunamizani. Kuchoka pabwalo la ndege la Chileka kukafika pa O.R. Tambo ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,350 mukalunjika osakhota, ndipo ndege imakhala m'mwamba maola awiri ndi mphindi zochepa.

Njira imene munayenda ija mukuikumbukira: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, kenako Beitbridge pamtsinje wa Limpopo. Imeneyo imaposa makilomita 1,700. Mukuona kuti kusiyana kwake sikufika ndi makilomita 500 omwe, choncho amene amaganiza kuti ndege imafulumira chifukwa chodulira njira amangolondola pang'ono. Nkhani yagona pa liwiro. Ndege yaikulu ikakwera m'mwamba imathamanga makilomita 800 pa ola kapena kuposerapo, pamene basi, ngakhale dalaivala apondetse bwanji, imangozungulira pa 100. Ndiye onjezanipo malire atatu. Paliponse mumatsika, kuima pamzere, kudinditsa pasipoti potuluka dziko lina n'kudinditsanso polowa linzake, katundu n'kufufuzidwa. Pa Beitbridge pokha, makamaka nyengo ya Khirisimasi, munthu atha kutaya nthawi yoposa ulendo wonse wa pandege. Ndege imadutsa pamwamba pa maiko omwewo, inu mudakali pampando.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: tikitiyo muiwerenge bwino, kapena mwanayo akuwerengereni pafoni. Si ndege zonse zimene zimalunjika ku Joni. Matikiti ena amakutengerani kaye ku mzinda wina kuti mukasinthe ndege, ndipo mukatero nkhomaliro ija isanduka chakudya chamadzulo. Musawerengenso maola awiri okhawo. Kuchoka m'tauni kupita ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 16, ndipo paulendo wotuluka m'dziko muyenera kufika pabwalo kudakali maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke. Ndege si minibasi ya pa Wenela yodikira kuti idzaze. Chikwama muchiyezeretu kunyumba, chifukwa makilogalamu oposa amene alembedwa pa tikiti mumalipira padera, ndipo ndalama yake imawawa.

Wotchi musaisinthe, nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi. O.R. Tambo ndi bwalo lalikulu kwambiri, lili ku Kempton Park, kunja kwa mzinda. Mugwirizane ndi mwanayo kuti adzakudikireni pakhomo lotulukira ochokera maiko akunja, ndipo nambala yake ndi adiresi muzilembe papepala, chifukwa foni yanu ikhoza kukana kugwira mukangotera.